Lekani kuseweretsa rada ya pamakina, ana inu

Ana anga amene mumagwira ntchito m'mafakitale, kaya kuno kwathu, kaya ku Johannesburg ndi ku Ulaya kumene munapita kukasaka, ndimvereni, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Pali khalidwe lina limene lafala pakati panu lomwe likundisowetsa mtendere. Kampani imagula masensa a rada ndi ndalama zambiri n'kuwaika mozungulira makina oopsa kuti makinawo aziima munthu akayandikira, koma pasanathe mwezi mupeza wina wapotoza sensa kuti iyang'ane kukhoma, wina waitchinga ndi lata, winanso walumikiza kawaya m'bokosi la magetsi kuti makina asamamvere chilichonse. Mukafunsa chifukwa chake, yankho ndi lomwelomwelo lakuti, "Chimaimitsaimitsa makina, ndiye sitikwanitsa tageti." Ndikufunseni bwino: tageti imeneyo ndi ya mtengo wanji kuti muigule ndi mkono wa mnzanu?

Ambiri mwa inu mumachita zimenezi chifukwa palibe amene anakhala nanu pansi kukufotokozerani kuti kachipangizoko kamagwira ntchito motani. Sensa ya rada ndi kabokosi kokwana m'manja, komangirira pa chitsulo kapena pa khoma, kokhala ndi waya wopita ku bokosi lolamulira makina. Kamatulutsa mafunde a wailesi, ndipo mafundewo akagunda chinthu amabwerera, kabokosiko n'kuwerengera kuti chinthucho chili patali bwanji komanso ngati chikuyenda. Masensa ambiri otere amaona mpaka mamita 4 kapena 5. Kampani ya Inxpect ya ku Brescia m'dziko la Italy ndi imene inatchuka poyamba ndi masensa amenewa, ndipo makampani a ku Germany monga SICK, Pilz ndi Leuze nawonso amagulitsa. Chimene anawabweretsera n'chakuti zipangizo zodalira kuwala, monga makatani a kuwala (mizere ya kuwala imene imaimitsa makina munthu akaidutsa) ndi masikana a laser (oyang'ana malo ndi kuwala kozungulira), zimavutika pamalo a fumbi, utuchi, utsi, nthunzi ndi moto wothetheka wa owotcherera. Galasi lake likangoda, makina amaima popanda munthu aliyense pafupi. Mafunde a rada amadutsa m'fumbi lomwelo osasokonezeka, ndipo n'chifukwa chake rada imayenerera malo ocheka matabwa, opanga simenti, osungunula zitsulo ndi ena otero.

Koma luso lake lalikulu, limene inu mukuliwononga osadziwa, ndi ili. Katani ya kuwala imaona munthu pamene akudutsa pokha, ndipo akalowa n'kuima m'kati, iyo imayesa kuti malo ali pululu. Rada imamva ngakhale kuyenda kwapang'ono kwa chifuwa cha munthu amene akupuma. Munthu atagwada m'kati mwa mpanda wotchinga makina, ali phee kumasula bawuti, rada imadziwa kuti alimo ndipo imakaniza makina kudzuka mpaka patapita masekondi angapo isakumva kalikonse. Taganizirani mnyamata amene wawerama kuseri kwa roboti akuchotsa katoni yomwe yakodwa pa lamba, mnzake wabwera kuchokera kokamwa tiyi, waona makina ataima, ndipo chala chake chili kale pa batani. Pa nthawi imeneyo chimene chatsala pakati pa mnyamatayo ndi imfa ndi kabokosi komwe inu munakapotozera kukhoma dzulo.

Musayese kuti ndikukuopsezani ndi nthano. Mu 1979, pa fakitale ya Ford ku Flat Rock m'chigawo cha Michigan ku America, wantchito anakwera m'mashelefu kukatenga zitsulo yekha, ndipo mkono wa roboti unamumenya n'kufera pomwepo. Mu 1981, pa fakitale ya Kawasaki ku Akashi m'dziko la Japan, wokonza makina anapanikizidwa ndi roboti, ndipo malipoti ananena kuti analumpha mpanda m'malo motsegula chitseko chimene chikanazimitsa makinawo. Mu 2015, ku Baunatal m'dziko la Germany, mnyamata wa zaka 22 anafa pamene ankaika roboti pa fakitale ya Volkswagen, ali m'kati mwa mpanda wachitetezo. Mu November 2023, ku South Korea, bambo amene ankayesa masensa a roboti pamalo osankhira ndiwo zamasamba anagwidwa ndi robotiyo n'kupanikizidwira pa lamba. Mayiko ndi osiyana, zaka ndi zosiyana, koma onsewa anali m'malo a makina pamene makinawo anali ndi mphamvu yoyenda. Anali anthu odziwa ntchito yawo, ndipo munthu wotere ndiye amandidetsa nkhawa koposa, chifukwa wozolowera ndi amene amasiya kuopa.

Tsopano pali gulu lina la inu limene silipotoza sensa, koma limalakwa mbali inayo poikhulupirira mopitirira muyezo. Mumalowa kukakonza makina osazimitsa magetsi, mukuti, "Rada ikundiona, palibe vuto." Ayi, ana inu, rada si loko. Mafunde ake sadutsa chitsulo, choncho mukalowa kuseri kwa thupi la makina, pansi pa tebulo lachitsulo kapena kumbuyo kwa katundu wounjikidwa, mukhoza kukhala pamalo amene sensa sikufika. Rada inapangidwa kuti izindikire thupi la munthu, osati chala kapena dzanja lolowetsedwa pakati pa magiya, ndipo makina opinda malata kapena odula amafuna chitetezo cha mtundu wina. Komanso rada ikaimitsa makina sichotsa mphamvu imene yatsalira m'kati. Mpweya wopanikizidwa uli m'mapaipi, mafuta a haidiroliki akadali ndi mphamvu, ndipo katundu wokwezedwa m'mwamba akhoza kutsika ndi kulemera kwake komwe popanda magetsi. Ntchito yokonza ili ndi mwambo wake umene sunasinthe: zimitsani pa swichi yaikulu, ikani loko yanuyanu ndi chikwangwani cholembedwa dzina lanu, kiyi ikhale m'thumba mwanu, tulutsani mpweya, chirikizani chilichonse chokwezedwa, kenako dinani batani loyatsira kuti mutsimikize kuti makina sakudzuka. Mukakhala anthu atatu, maloko akhale atatu. Kubwereka loko ya mnzanu kapena kusiya kiyi pa tebulo la kapitawo ndi kudzipereka nokha.

Nkhani ya mtunda nayonso mumaipeputsa. Ena mumapempha amagetsi kuti achepetse dera limene sensa imayang'ana, kuti muzidutsa pafupi ndi makina osawaimitsa. Dera limenelo silinasankhidwe mwachisawawa. Muyezo wa padziko lonse wa chitetezo cha makina wotchedwa ISO 13855 umawerengera kuti munthu woyenda amayandikira pa liwiro la mamita 1.6 pa sekondi. Ngati makina anu amatenga sekondi imodzi kuti aimiretu, ndiye kuti munthuyo wayenda kale mita imodzi ndi theka ndi kupitirira sensa itamuona, osawerengera kutalika kwa mkono wake akautambasula. Mukadula theka la mita pa deralo, makina adzaima ndithu, koma adzaima atamugunda kale. Onjezani kuti mabuleki akamatha makina amachedwa kuima kusiyana ndi mmene ankachitira ali atsopano, ndipo mudzaona chifukwa chake nthawi yoimira iyenera kuyezedwanso nthawi ndi nthawi.

Akapitawo ndi eni mafakitale, musaganize kuti ndikukalipira ana okha. Mlandu waukulu uli pa inu. Wantchito sapotoza sensa chifukwa cha misala, amatero chifukwa mumamukalipira makina akaima ndipo mumayang'ana kumbali akaitchinga. Ngati rada ikuimitsa makina pafupipafupi, chilipo chimene ikuona: mwina waya wolendewera amene akugwedezeka, mwina pulasitiki youluzika ndi mphepo, mwina njira ya anthu ndi ya forklift (galimoto yonyamulira katundu) inadutsa m'mphepete mwa dera lake. Itanani katswiri afufuze, asunthe njirayo kapena akonze mayang'anidwe a sensa mwa dongosolo, zonse zilembedwe m'buku. Masensa amenewa ali ndi njira yozindikirira ngati atembenuzidwa kapena atchingidwa, ndipo ndi chamanyazi kuti ena mumalamula kuti njirayo izimitsidwe pofuna kupewa phokoso. Nambala yachinsinsi yosinthira dongosolo la sensa isamalembedwe pa chitseko cha bokosi kuti aliyense aziiona. Nthawi iliyonse mukasuntha makina kapena kuika shelefu yatsopano, yesaninso: makina ali pamalo otetezeka, munthu alowe kuchokera mbali zonse, aime chilili, anyonyomale, agwade pa ngodya iliyonse, muone ngati sensa ikumumva paliponse.

Malamulo nawonso sali chete. Ku Malawi, lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito la 1997 limapereka udindo kwa wolemba ntchito kuti malo antchito akhale otetezeka. Ku South Africa, lamulo la umoyo ndi chitetezo pantchito la 1993 limachita chimodzimodzi, ndipo limaletsanso munthu aliyense kusokoneza kapena kuwononga dala chinthu choikidwa kuti chiteteze anthu. Choncho amene walumikiza kawaya kaja walakwira lamulo, ndipo kapitawo amene anaona n'kukhala chete walakwanso.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu kunjako mumaopa kulankhula, poganiza kuti mukadandaula ntchito itha ndipo kumudzi akudikira ndalama ya feteleza ndi fizi. Mantha amenewo ndimawamvetsa, koma pali zimene mungachite popanda kukangana ndi aliyense. Poyamba shifiti, yang'anani ngati sensa ikuloza kumene imayenera kuloza, ngati kutsogolo kwake kulibe lata kapena katundu, ndiponso ngati nyali yake ikusintha munthu akalowa m'dera. Musanadine batani loyambitsanso makina, zungulirani ndi mapazi anu, muone ndi maso anu, muitane mokweza ngati muli munthu m'katimo. Mukapeza sensa yasokonezedwa, uzani woimira antchito pa zachitetezo kapena mkulu wa shifiti, mulembe tsiku ndi nthawi, ndipo musalowe m'mpandamo mpaka itakonzedwa ndi kuyesedwa inu mukuona.