Ma high elf apatsidwe malo ku Alliance, Horde sitaya kanthu

Pagulu lathu la pa WhatsApp la osewera World of Warcraft, gemu ya pa intaneti imene osewera ake amagawidwa mbali ziwiri zolimbana za Alliance ndi Horde, a kuno ku Mulanje ndi ku Luchenza pabukanso mkangano wakale uja wa ma elf, mtundu wa anthu a makutu osongoka a m'gemuyi, ndipo ndaganiza zolemba maganizo anga pano chifukwa kumeneko mfundo imakwiririka ndi zithunzi zoseketsa isanamveke n'komwe. Ine ndimasewera ku mbali ya Horde ndi blood elf, komabe ndikugwirizana ndi anzathu a Alliance amene akhala akupempha kampani ya Blizzard, yopanga gemuyi, kuti iwalole kusewera ndi mtundu wa high elf.

Pempho lawo lili ndi maziko m'nkhani ya gemuyi. Mu gemu yakale ya Warcraft II ya 1995, ma high elf a ku dziko la Quel'Thalas ankamenya nkhondo pansi pa mbendera ya Alliance. Mu Warcraft III ya 2002, Arthas ndi asilikali ake a mitembo yoyenda anasakaza dzikolo n'kuipitsa Sunwell, chitsime chimene ma elf ankapezako mphamvu zamatsenga, ndipo mwa ma elf 10 aliwonse anaphedwa pafupifupi 9. Kalonga wawo Kael'thas Sunstrider anatcha opulumukawo ma blood elf pokumbukira magazi a abale awo. Mkulu wa asilikali a Alliance, Garithos, m'malo mowatonthoza anawanyoza mpaka kuwatsekera m'ndende mumzinda wa Dalaran kuti aphedwe. N'chifukwa chake pamene gawo lowonjezera la World of Warcraft lotchedwa The Burning Crusade linatuluka mu 2007 ma blood elf ali ku Horde, chifukwa chake chinali chomveka, ngakhale kuti kampaniyo inalinso ndi zolinga zake, monga kupatsa Horde ma paladin, asilikali a mphamvu zopatulika, amene poyamba ankapezeka ku Alliance kokha.

Koma si onse anatsata njira imeneyo. Ena anakana kuyamwa mphamvu m'zamoyo kuti athetse ludzu lawo la matsenga, anasunga dzina lakale la high elf ndi maso awo abuluu, pamene a anzawo anasanduka obiriwira. Kuyambira mu 2008 takhala tikuwaona ku Dalaran m'gulu la Silver Covenant lotsogozedwa ndi Vereesa Windrunner, akumenyera Alliance. Wosewera wa Alliance amawaona, amalandira ntchito kwa iwo, amamenya nawo nkhondo, koma saloledwa kukhala mmodzi wa iwo.

Otsutsa amati ma high elf ndi ochepa kwambiri, komanso kuti pankhondo ya pakati pa osewera umayenera kuzindikira mdani ali patali pongoona thupi lake. Mfundo ziwirizi anazigwetsa ndi a Blizzard eni ake. Mu 2012 anabweretsa ma pandaren, mtundu wooneka ngati zimbalangondo za panda, amene amasankha okha mbali, ndipo palibe anasokonezeka, popeza dzina la mdani limaoneka lofiira pamwamba pa mutu wake. Mu 2018 anapatsa Alliance ma void elf, a thupi lomwelo la blood elf, amene m'nkhani ndi kagulu kakang'ono ka ofufuza matsenga oletsedwa kamene kanathamangitsidwa ku Silvermoon, likulu la ma blood elf. Ngati kagulu kotero kanakwanira kukhala mtundu woseweredwa, kuchepa kwa ma high elf sikungakhalenso chifukwa. Chaka chomwecho Horde inalandira ma nightborne, omangidwa pa thupi la night elf, mtundu wa ku Alliance. Kenako mu 2020 ndi 2021 ma void elf analoledwa khungu ndi tsitsi la mtundu wamba, moti lero munthu angathe kupanga elf wa Alliance wa maso abuluu ndi tsitsi loyera. Chimene akumanidwa ndi dzina, mawu, zovala za makolo ndi mudzi wake, pakuti amayambirabe ku Telogrus Rift, kwawo kwa ma void elf, n'kumalankhula za mdima umene iye sanausankhe.

Ion Hazzikostas, mkulu woyang'anira gemuyi, anayankhapo mu 2018 kuti wofuna elf wotere apite ku Horde. Yankho limeneli linandikhumudwitsa ngakhale ndili wa Horde, chifukwa limaona ngati anthu akungofuna nkhope. Komanso kusamutsa munthu wako wa m'gemu kupita mbali ina n'kolipira, ndipo aliyense wa kuno amene amavutika kupeza madola olipirira gemuyi mwezi ndi mwezi pamwamba pa bandulo ya intaneti akudziwa kuti malangizo otero ndi a anthu a kwina.

Mfundo yachitatu ya otsutsa, yakuti blood elf ndi high elf ndi mtundu umodzi, ndi yoona, koma ikuthandiza ife ofuna ma high elf ku Alliance. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa kuti mtundu umodzi ungakhale pansi pa mbendera ziwiri. Pa Muloza pali mabanja a Alhomwe amene ena mwa abale awo ali kutsidya ku Milange, nkhope ndi mayina n'zofanana, koma wina anaphunzira Chingelezi kusukulu, mnzake Chipwitikizi, ndipo mbiri imene aliyense anakulira nayo ndi yosiyana. Nkhani ya ana a Windrunner imakoma pa chifukwa chomwechi: Sylvanas anatsogolera Horde, Alleria ndi Vereesa ali ku Alliance, onse a bere limodzi.

Pali mantha amodzi amene ndimawalemekeza. Anzanga a Horde akuona kuti kusiyana kwa mbali ziwirizi kukusungunuka, makamaka kuchokera mu 2022 pamene osewera a mbali zonse analoledwa kulowa limodzi m'ma dungeon ndi m'ma raid, malo omenyera adani m'magulu, ndi mu 2023 pamene ma guild, magulu okhazikika a osewera, osakaniza mbali zonse anayamba. Koma amene anafooketsa Horde si ma elf a Alliance. Anaifooketsa ndi olemba nkhani amene anasandutsa Garrosh, mtsogoleri wa Horde, mdani wa onse, kenako n'kubwereza zomwezo ndi Sylvanas atawotcha Teldrassil, mtengo waukulu umene ma night elf ankakhalamo, mpaka wosewera wa Horde kumachita manyazi ndi mtsogoleri wake kawiri konse. Kumana Alliance mtundu umodzi sikungabweze ulemu umenewo.

Nkhawa yanga ili pa Midnight, gawo la gemuyi limene Chris Metzen wa ku Blizzard analengeza pa msonkhano wa kampaniyo wa BlizzCon mu 2023 kuti lidzatibwezera ku Quel'Thalas kukagwirizanitsa mafuko a ma elf. Kugwirizana pothana ndi mdani mmodzi ndilibe nako vuto. Koma ndikufuna high elf wa Silver Covenant akalowa mu Silvermoon alonda azimuyang'ana ndi diso lokayika, ndipo iyenso azikumbukira chimene chinawagawanitsa. Blizzard ikafafaniza chidani chimenecho, a Alliance adzalandira dzina lopanda nkhani, ndipo ife a blood elf tidzatsala opanda chifukwa chokhalira ku Horde.