Inu a Physics ndi Chemistry, taonani kamzere ka malungo kaja

Mwamaliza Physics, Chemistry kapena Biomedical Engineering ku UNIMA, MUST kapena MUBAS, ndipo aliyense akukuuzani kuti kwatsala kugwira choko basi. Kuphunzitsa n'kwabwino, koma ine ndikuti yesaninso Masters kapena PhD ya nanotechnology (sayansi ya tinthu tating'onoting'ono kwambiri), photonics (sayansi ya kuwala) ndi biosensing (kupanga zipangizo zozindikira zinthu za m'thupi, monga zoyezera matenda).

Ena amati zimenezi n'za kunja. Ayi ndithu. Akakubayani chala kuchipatala n'kudontheza magazi pa kachipangizo koyezera malungo, kamzere kofiirira kamene kamatuluka pakapita mphindi 15 kapena 20 kaja, pa zoyezera zambiri ndi golide. Ndi tizidutswa ta golide ta ma nanomita pafupifupi 40, pomwe tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi ma nanomita pafupifupi 80,000. Akachepa chonchi golide saonekanso wachikasu, amafiira chifukwa cha momwe amamwera kuwala. Amamumatira ma antibody (mapuloteni a chitetezo cha m'thupi) ogwira puloteni yotchedwa HRP2, imene tizirombo ta malungo timatulutsa.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti ku Peru, Eritrea ndi Ethiopia kunapezeka tizirombo tosatulutsa HRP2. Mwana thupi lili moto, malungo ali m'magazi, koma kamzere osatuluka, mayi n'kubwerera kunyumba wopanda LA. Dziko la Eritrea linachita kusintha zoyezera zake mu 2016. Tizirombo totere tikadzafala kuno, choyezera china adzatipangira ndani?

Kophunzirira sikutali. Ku Rhodes University, ku South Africa, kuli Prof Tebello Nyokong, wobadwira ku Lesotho, amene analandira mphotho ya L'Oréal-UNESCO mu 2009 pa kafukufuku wa mankhwala opha maselo a khansa akawalitsidwa ndi kuwala. Ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg, Prof Andrew Forbes amatsogolera labu ya laser. Mintek, bungwe la kafukufuku wa miyala ya m'migodi ku Randburg, South Africa, imafufuza zoyezera matenda zogwiritsa ntchito golide yemweyu. Za ndalama, Beit Trust imathandiza ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe kuchita Masters ku South Africa ndi Britain; palinso Commonwealth, DAAD ndi Erasmus Mundus.

Chonde musamwaze kalata imodzi kwa mapulofesa onse. Sankhani mmodzi, werengani mapepala ake a kafukufuku, kenako mulembereni mwachidule za vuto limene inu mumalidziwa bwino kuposa iye: choyezera chopirira kutentha kwa ku Nsanje mu Okutobala, chosafuna furiji, chimene HSA angathe kunyamula panjinga. Transcript ndi makalata a aphunzitsi anu yambani kutolera pano, mafomu asanatuluke.