Mwasala Facebook pa Lenti, nanga nthawi yotsalayo ikupita kuti?

Lachitatu la Phulusa likamayandikira, ambiri amalemba kuti, "Abale, ndikuchoka kaye pa Facebook, tidzaonana pa Pasaka." Ine ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Ena amaseka, amati kusala kwenikweni ndi kwa chakudya basi, izi za foni n'zachibwana. Ayi, sindikuvomereza. Munthu amasala chimene chamugwira mtima, ndipo ambirife lero kudumpha chakudya chamasana sikutivuta ngati kugona tsiku osatsegula TikTok.

Taonani zimene zimachitika m'mawa. Maso asanatseguke bwinobwino, dzanja lafika kale pansi pa pilo. Mulungu sitinamuthokoze kuti tadzuka, koma tadziwa kale amene atukwanana usiku, amene wagula galimoto, amene banja lake lagwedezeka. M'tchalitchi momwemo, ulaliki uli mkati, foni ikangonjenjemera m'thumba maganizo athawa. Sizinangochitika mwangozi. Makampaniwa amapeza ndalama ndi zotsatsa malonda, ndiye amafuna tikhalitsepo. N'chifukwa chake tsambalo lilibe pothera: ukakankha ndi chala kwabwera china, ukakankhanso kwabwera china.

Koma abale anga, nkhawa yanga ili apa. Pa Mateyu 12:43-45 Yesu akunena za mzimu woipa umene unatuluka mwa munthu, ndipo pobwerera unapeza nyumba yosesedwa bwino koma yopanda wokhalamo. Unakaitana mizimu ina 7 yoipa koposa, n'kulowa yonse. Kufufuta Facebook ndi kusesa chabe. Ngati maola amene mwaombolawo akuthera pa mafilimu ndi magemu a pafoni yomweyo, ndiye kuti nyumba ija idakali yopanda mwini, ndipo Pasaka ikadzafika mudzabwerera ndi ludzu loposa lakale.

Masiku 40 a Lenti, osawerengera a Lamulungu, amatikumbutsa masiku 40 amene Ambuye anakhala m'chipululu. Kuyambira kale Mpingo sulekanitsa zinthu zitatu za pa Mateyu 6: kuthandiza osauka, kupemphera ndi kusala. Kusala kukakhala kokha kumauma. Uthenga wa Luka uli ndi mitu 24 yokha. Mukamawerenga mutu umodzi m'mawa uliwonse, pa nthawi imene mukanakhala mukuona zithunzi za anthu, mumaliza Sabata Loyera lisanafike, n'kuwerenganso Marko ndi mitu yake 16. Lachisanu kuli Njira ya Mtanda. Ndipo Yesaya 58 sabisa mawu: kusala kumene Mulungu amafuna ndi kugawana chakudya ndi anjala, kulandira osowa pokhala, kuveka ausiwa. Ndalama imene inkapita ku bandulo ingathe kugulira wina sopo kapena mankhwala. Wodwala uja munkangomulembera "Amen" pansi pa chithunzi chake, pitani mukakhale naye pambali pa bedi, mumugwire dzanja, mupemphere naye ndi pakamwa panu.

Ndikudziwa kuti pali amene sangathe kuzimitsiratu. Bizinesi yawo ili pa WhatsApp, uthenga wa maliro ndi wa kwaya umadzera komweko, ana ali kutali. Amenewa asadziimbe mlandu. Angathe kutseka phokoso la magulu osafunikira, kusiya kuona ma status, kugoneka foni m'chipinda china usiku. Chimene tikulimbana nacho ndi chilakolako chija chofuna kuona zonse ndi kuonedwa ndi onse.

Ndipo pa kuonedwapo ndi pamene pamandipweteka kwambiri. Yesu anachenjeza pa Mateyu 6:16-18 kuti posala tisachite nkhope yachisoni kuti anthu atione. Kudziwitsa abale ndi akuntchito kuti akakufunani aimbe foni n'kwabwino ndithu, kuti asade nkhawa. Koma munthu akalemba uthenga wotsanzika wautali, madzulo n'kulowanso mobisa kuti aone amene amuyamikira, mtima wake sunachoke pa Facebook. Uzani okhawo oyenera kudziwa, chotsani app ija pafoni, ndipo m'mawa wa Lachinayi lotsatira Lachitatu la Phulusa tsegulani Luka mutu 1.