Munthu akapita kwa dokotala wa maganizo, msiyeni apite

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo usiku pa gulu la abale pa WhatsApp, msuweni wanga analimba mtima n'kulemba kuti wayamba kuonana ndi dokotala wa za maganizo, akuti miyezi itatu tsopano tulo sakupeza, chakudya sichikulowa, m'mawa akadzuka amangokhala m'mphepete mwa bedi nsapato ili m'manja osatha kuivala. Sanapemphe ndalama kwa munthu, anangofuna kuti abale ake tidziwe. Mphindi ziwiri zisanathe amalume ayankha eti "iwe ntchito uli nayo, banja uli nalo, ukusowa chani? Limba mtima." Azakhali nawo n'kutumiza voisi yaitali kuti izi ndi ziwanda, asayerekeze kumwa mankhwala a anthu amisala. Mwana uja anafufuta meseji yake n'kutuluka pa gulupo.

Anthu inu, akanalemba kuti amupeza ndi shuga kapena BP mukanati limba mtima? Akanathyoka mwendo mukanamufunsa kuti ukusowa chani? Bwanji matenda akakhala a m'maganizo aliyense amasanduka dokotala? Depression, kuja kukhumudwa kwakukulu kokhalitsa, ndi matenda. Nkhawa yopitirira muyezo ndi matenda. Wodwala amapita kuchipatala, nkhani yake ndi imeneyo basi.

Inetu ndinamuonapo ndi maso angawa nkhawa itamugwira. Tinali tikucheza bwinobwino, mwadzidzidzi wagwira pachifuwa, mpweya ukumuthera, manja akunjenjemera, thukuta kamukamu, akungoti achimwene ndikufa ine, ndikufa. Patapita mphindi zingapo zinatsika koma anatsala wofooka ngati wadwala sabata yonse. Ndiye wina amene sanaonepo zimenezi azikalemba kuti ndi kudzikonda, ndi ulesi, ndi kusayamika? Aaa ayi.

Zoyambitsa n'zambiri, ena n'zakumtundu, ena imfa ya wokondedwa, ngongole, nkhanza, ena zimawagwira atangobereka, ena palibe chomwe mungaloze. Zimenezo asiyireni odziwa.

Ndipo si iye yekha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse anali ndi depression, 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa. Onsewo ndi aulesi? Onsewo sapemphera? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ambiri amene mukuletsa anzanu simudziwa n'komwe zomwe zimachitika m'chipinda cha dokotala. Palibe amene amakumanga unyolo. Amakukhazika pansi, amakufunsa wayamba liti, ukugona bwanji, ukudya bwanji, kodi maganizo ofuna kudzipha amakubwerera, ndipo funso limenelo amafunsa mosapsatira chifukwa ndi limene limapulumutsa moyo. Ngati chisoni ndi kusasangalala ndi chilichonse zakhala tsiku ndi tsiku kwa milungu iwiri kapena kupitirira, amadziwa kuti apa si kukhumudwa wamba. Nthawi zina amakuyezanso magazi chifukwa vuto la chithokomiro kapena kuchepa kwa magazi zimatha kufooketsa munthu mofanana, amalume angadziwe zimenezo pa foni? Ena amangofunika uphungu, monga uja amati CBT, pomwe mlangizi amakuphunzitsa kuzindikira maganizo amene amakugwetsa n'kuyamba kuwayankha. Ena amapatsidwa mankhwala ngati fluoxetine, ndipo mankhwala amenewa sagwira tsiku lomwelo, amatenga milungu ingapo, kwa ena mpaka 6, komanso sasiyidwa mwadzidzidzi popanda dokotala. Ndiye tangoganizani munthu wangoyamba kumene kumwa, sanayambe n'kumva kusintha, azakhali akuti taya. Akataya n'kuipiraipira mudzayankha ndinu?

Musandimve molakwa, inenso ndimapemphera ndipo ndimupempherera. Koma mayi akamavutika pobereka timapemphera tili panjira yopita kuchipatala, sititseka chitseko n'kumuuza kuti chikhulupiriro chako n'chochepa. Mupempherereni, mukatero mumuperekeze kwa dokotala. Ngati kuperekeza simungathe, khalani chete, musamuchotse mphamvu yochepa imene watsala nayo. Mukudziwa kuti munthu wodwala depression kungonyamula foni n'kupangana tsiku ndi dokotala ndi nkhondo yaikulu? Mwana uyu anapambana nkhondo imeneyo yekhayekha, abale ake n'kumulandira ndi chipongwe.

Ndamuimbira lero m'mawa, mawu ake otsika, akuti mwina amalume akunena zoona mwina ndikungodzipangitsa. Mwaona zomwe mwachita? Ndamuuza kuti tsiku lake lopitanso likakwana ndimuperekeza ndine, ndikakhala pabenchi panja mpaka atuluke.

Chomwe chimandipsetsa mtima kwambiri n'choti anthu omwewa ndi amene amakhala oyamba pa Facebook munthu akadzipha. Chithunzi chake pa status, RIP, "bwanji sunalankhule", "ukanandiuza ine". Anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lapansi, ndipo ambiri analankhulapo, anauza winawake, winawakeyo n'kuyankha kuti mwamuna salira, kuti ena akuvutika kuposa iwe. Pa 10 October mudzaikanso timapositi tanu ta tsiku la thanzi la maganizo, pomwe mwana wa mchemwali wanu weniweni munamuthamangitsa pa gulu la abale. Analankhula uyu. Munamuyankha chani?