Mpando oyamba wa Obama ndi zimene zinachitikira mayi Alice Palmer

Anthu akamakamba za Obama amangoyambira 2008, ena 2004 pomwe analankhula pa msonkhano waukulu wa ma Democrat ku Boston dziko lonse nkumudziwa. Koma ine nkhani imene imandikhalabe pamtima ndi ya mpando wake oyamba wa 1996, ndipo ndinena mosapsatira ngakhale munthuyu ndimamukonda kwambiri.

Ku America siteti iliyonse ili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, yosiyana ndi ija ya ku Washington. Senate ya Illinois ili ndi mipando 59, ndiye Obama ankafuna wa dera nambala 13 kummwera kwa Chicago, komwe kuli Hyde Park ndi South Shore, dera loti anthu akuda ndi ochuluka komanso ukangopambana mapulaimale a Democrat basi mpando watenga kale, chisankho chachikulu ndi mwambo chabe.

Mbiri yake panalibe pomudzudzulira. Kuyambira 1985 mpaka 1988 ankayenda mmatchalitchi ndi mmakomo kusonkhanitsa anthu osauka, ku Altgeld Gardens anamenya nawo nkhondo yoti akuluakulu achotse asbestos, zomangira zoopsa ku thanzi, mnyumba za boma. Anapita ku Harvard kukaphunzira zamalamulo, atabwerako 1992 anatsogolera Project Vote imene inalembetsa anthu pafupifupi 150,000 mkaundula wa ovota. Ankaphunzitsanso ku University of Chicago. Zonsezi ali ndi zaka 34 zokha.

Mpandowo unali wa mayi Alice Palmer, mayi ophunzira bwino amene anthu a mderalo ankawapatsa ulemu kuyambira kale asanalowe ndale. Mu 1995 mpando wa Congress, nyumba ya malamulo ya ku Washington ija, unatsala opanda munthu mwini wake Mel Reynolds atapezeka olakwa kukhoti, mayi aja anali atalengeza kale zokapikisana kumeneko, ndipo mu September pa tsiku limene Obama ankakhazikitsa kampeni yake anaima naye pamaso pa anthu kumuonetsa kuti olowa mmalo mwanga ndi uyu. Kenako mu November mayi Palmer anagonja pa mapulaimale a mpando wa Congress uja, anakhala nambala 3, anapambana ndi Jesse Jackson Jr. Mwezi omwewo Obama anali atangoluza mayi ake omubereka ku Hawaii ndi khansa.

Apa mpamene zinavutira. Otsatira a mayi Palmer anapita kukamupempha mnyamatayo kuti asiye, aulemu abwerere pampando pawo, iye anakana. Mayi aja anathamangathamanga kutolera masiginecha masiku ochepa okha, anapereka 1,580 pomwe lamulo linkafuna 757. Anyamata a Obama anakakhala ku ofesi ya zisankho kuunguza dzina lililonse mmodzimmodzi, uyu sanalembetse, uyu sakhala mdera lino, uyu sanasaine moyenera, mpaka masiginecha abwino anaperewera ndipo mu January 1996 mayi Palmer anachoka pa mpikisano. Sanathere pomwepo, anachitanso chimodzimodzi kwa anthu ena atatu amene ankafuna mpandowo. Mu March pa balloti ya mapulaimale panali dzina limodzi basi.

Ndikudziwa ena munena kuti palibe lamulo anaphwanya, zoona. Munenanso kuti mayi aja ndi amene anatembenuka pa mawu awo, mnyamata atatolera kale ndalama ndi anthu, zoonanso, ndipo pokana kusiya ine ndili mbali yake ndithu chifukwa mpando si munda wa makolo oti umabwereka nkudzalanda ukafuna. Pamene ndikusiyana naye ndi pa kuchotsa anthu onse. Munthu yemwe anatha miyezi akuuza amayi ndi achinyamata a South Side, kummwera kwa Chicago kuja, kuti voti yanu ndi mphamvu, kalembetseni, ndi yemweyo anaonetsetsa kuti pa tsiku lovota asakhale ndi osankhapo. Zimenezi zimandiwawa. Akanalimbana nawo mayi aja pa bokosi, kaya akanagwa kaya akanapambana, anthu a dera 13 akanakhala kuti anena okha. Ife kuno timadziwa bwino ululu wa mapulaimale oti shado wina amangopezeka wadutsa opanda opikisana naye, timakwiya, ndiye sindingasinthe muyezo chifukwa choti wachita ndi munthu amene ndimamunyadira.

Ntchito anaigwira, izo sindikana. Mu November 1996 anapambana ndi mavoti opitilira 80 pa 100 alionse, anakhala mu Senate ku Springfield, likulu la Illinois, mpaka 2004, ndipo lamulo la 2003 loti apolisi azijambula pa vidiyo akamafunsa munthu oganiziridwa mlandu oti chilango chake chingakhale kuphedwa analikankha ndi iyeyo, mpaka apolisi omwe poyamba ankalikana anagwirizana nalo. Lamulo limenelo linathandiza anthu ambiri amene kale ankaumilizidwa kuvomera milandu mchitokosi. Koma ubwino wa pambuyo sufufuta mmene analowera, ndipo mayi Palmer sanaimenso pa chisankho, mu 2008 anali mbali ya Hillary Clinton.

Mapulaimale enieni oyamba oti akumane ndi munthu wamphamvu maso ndi maso anali a 2000, atafuna kulanda mpando wa Congress kwa Bobby Rush. Anthu a South Side atapatsidwa mayina oti asankhepo anamukana, Rush anapeza mavoti owirikiza kawiri a Obama.