Mwagwetsa dogwood chifukwa cha magalimoto?

Ndakwiya kwambiri lero. Eni ake a nyumba zimene timachita lendi kuno ku North Carolina, ku America, atumiza anthu ndi makina, agwetsa mtengo wa dogwood umene unali pakhomo pathu. Mu Epulo muno, mtengo uli mbee ndi maluwa! Akuti akufuna malo oimikapo magalimoto.

Anthu inu, mtengo umenewu ndi umene umatiuza kuti chisanu chatha. Kuyambira Disembala mitengo imakhala yoyoyoka masamba, kunja kuli zii, munthu kuchoka m'nyumba kuli mdima, kubwerako kuli mdima. Ndiye tsiku lina umangoona dogwood wayera, masamba ake asanaphuke n'komwe, mtima n'kukhala pansi kuti basi tapulumuka, majekete tikasunge. Sitidikira kalendala ife, timadikira mtengo umenewu. Mwatidulira chizindikiro chathu. Mwatichotsera chimene chimatiuza kuti dzuwa labwerera.

Ndipo si mtengo wamba ayi. Boma la North Carolina linasankha duwa lake kukhala duwa la dera lino mu 1941. Ku Virginia ndiwo mtengo wa dera, duwa lakenso ndilo duwa la dera. Ku Atlanta amachita chikondwerero chake kuyambira mu 1936. Inu n'kumaudula ngati chitsamba chakuthengo? Umakula pang'onopang'ono, zaka ndi zaka, komanso yambiri inafa kale ndi matenda a anthracnose. Wotsala wathanzi ndiye mukuupha ndi manja anu. Zipatso zake zofiira zija mbalame zimadya chisanu chikamayandikira, chaka chino zikadya kuti?

Kaya ndi ndalama, kaya ndi umbuli, ine sizikundikhudza. Mtengo wochita maluwa sadula. Mukanadikira maluwa ayoyoke, mukanatifunsa ife okhala pano, koma ayi, m'mawa umodzi basi chatsala chitsa.

Chondipsetsa mtima china, kumsewu konse mwadzaza mitengo ya Bradford pear, akuti nayonso imayera. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere! Maluwa ake amanunkha ngati nsomba yoola, nthambi zake zimang'ambika mphepo ikangowomba, ndipo imafalikira m'tchire n'kupha mitengo yachilengedwe ya kuno. Ku Ohio analetsa kuigulitsa mu 2023. Imeneyo ndiye mwaisiya, simunaikhudze ngakhale nthambi imodzi.