Kudwala ku Dundalk ndi kudwala ku Newry sizofanana ayi

Anthu kumudzi amangoti "ali ku Ireland" basi, osadziwa kuti chilumbachi chili ndi maboma awiri. Kuchoka Dundalk (mbali ya boma la Dublin) kufika Newry (kumpoto, ku Northern Ireland) mpafupi kwambiri, ndi geti yomwe palibe, koma ukangodutsa ndalama yasintha, za chipatala zasinthanso.

Mbali ya Dublin amayamba akusuzumira m'thumba. Medical card, khadi yothandizira zachipatala yochokera ku HSE (bungwe la boma la zaumoyo), sapatsa aliyense, ukhale munthu wokhazikika, kutanthauza wakhalako chaka kapena ukuonetsa kuti ukhalako chaka, kenako awerengere zomwe umapeza pa wiki. Kwa munthu wokhala yekha wosafika zaka 66 malire ake ndi €184, inde amaganizirako lendi, thiransipoti ya kuntchito ndi zolipira wolera mwana, komabe wogwira mashifiti odzaza kawirikawiri imamudutsa. Ndiye pakati apa mpamene pakupweteka, sunasauke mokwanira kuti ulandire khadi, sunalemere moti €60 ya GP (dokotala woyamba kumuona ukadwala) n'kuitulutsa osamva kuwawa. Ukakhala nayo khadiyo GP ndi ulele, mankhwala €1.50 mtundu umodzi. Ana osafika zaka 8 ndi agogo a 70 kupita m'tsogolo ali ndi GP visit card, khadi yoonana ndi GP ulele, apa pokha sindingawanyoze. Ma student a Stamp 2 (chilolezo chokhalira cha ophunzira) inu musavutike nazo, munauzidwa kale zogula inshuwalansi yanuyanu.

Ku A&E (chipatala cha ngozi ndi matenda adzidzidzi) ukangofika wekha wopanda kalata ya GP komanso wopanda medical card, ndi €100. Koma abale anga ndalamayi sikuti amakuimitsa nayo pakhomo, amakuthandiza kaye bilu nkubwera pambuyo, ndiye zomagona ndi chifuwa chobaya usiku onse kuopa handiredi zija zisiyeni, imbani 112 kapena 999. Zolipira bedi m'zipatala za boma anachotsa mu April 2023.

Kumpoto ndi dongosolo la UK, safunsa malipiro ako, amafuna mapepala okhalira. Ukalembetsa kwa GP basi, kuonana ndi dokotala ulele, mankhwala ulele kuyambira 2010, A&E ndi ya aliyense ngakhale mlendo, ngakhale mlendoyo akamugoneka ku wodi bilu imatha kumutsata. Ulelewo ena anaulipira kale pa viza, £1,035 pa chaka ya health surcharge (ndalama ya zaumoyo), student £776, kupatula a viza ya health and care (ogwira ntchito zaumoyo ndi zosamalira anthu) omwe salipira. Vuto kumeneko ndi mzere, kudikira kuonana ndi sipeshalisiti kapena opaleshoni kumatha zaka, Northern Ireland ndiyomwe ili kumchira mu UK monse pa nkhaniyi.

Ine kwa banja la ana odwaladwala ndingasankhe kumpoto, sumayamba wawerenga ndalama usanatenge foni. Chabe musati poti palibe geti ndiye mungokwera basi ya ku Belfast kukafuna zaulele, IRP, khadi yanu yokhalira ya ku Dublin, si viza ya UK.